Kuthamanga sikufika: mbiri ya W.O. Bentley

Pafupi ndi mzinda wa Le Mans, m'dziko la France, pamachitika mpikisano wa galimoto umene umayamba Loweruka masana n'kudzatha Lamulungu masana. Galimoto zimazungulira msewu umodzimodzi kwa maola 24, usana ndi usiku, kugwe mvula kaya kuwale dzuwa, ndipo wopambana ndi amene wayenda mtunda wautali kuposa anzake nthawiyo ikamakwana. Madalaivala amasinthana kuti apumeko, koma injini ilibe woilandira.

Pakati pa 1924 ndi 1930, galimoto za kampani ina yaing'ono ya ku London zidapambana mpikisanowu kasanu. Mwini nzeru za galimotozo adali Walter Owen Bentley, amene anzake ankangomutchula kuti W.O. Mkuluyu adali wofatsa, wosayankhulayankhula, koma pa nkhani ya injini sankasunthika: ankafuna kuti injini ikhale ndi mphamvu zoposa ntchito imene ikupatsidwa, kuti ithamange lero ndi mawa osatopa. Mfundo imeneyi idamubweretsera ulemu waukulu, ngakhale kuti chuma sichidamutsate.

Adayambira ku njanji

Bentley adabadwa pa 16 September 1888 ku Hampstead, mumzinda wa London, ndipo adali chitsirizira m'banja la ana asanu ndi anayi. Banjali lidali lopeza bwino, choncho adamutumiza kusukulu yogonera komweko ya Clifton College ku Bristol. Koma mtima wa mnyamatayu udali pa sitima za pamtunda. M'chaka cha 1905, ali ndi zaka 16, adasiya sukulu kukaphunzira ntchito kufakitale ya kampani ya njanji ya Great Northern Railway ku Doncaster. Bambo ake adalipira £75 kuti aphunzire kwa zaka zisanu.

Kumeneko adayamba ndi ntchito za manja: kupala zitsulo, kusungunula, kumanga ndi kumasula zida zikuluzikulu za mutu wa sitima. Chakumapeto kwa maphunzirowo adamuika pa ntchito yothira malasha m'ng'anjo ya sitima zothamanga zochokera pasiteshoni ya King's Cross. Tsiku lina adayenda ulendo wa ku Leeds ndi kubwerako, mamailosi 400, akuponya ndi fosholo malasha okwana matani pafupifupi 7.

Kunjanji adaphunzirako chinthu chimene sadachiiwale moyo wake wonse. Mutu wa sitima umapangidwa kuti ugwire ntchito zaka makumimakumi, ndipo ukafera panjira anthu mazanamazana amagona kutchire. Choncho chida chilichonse amachipanga chokulirapo ndi cholimbirapo kuposa mmene ntchito ikufunira.

Nthawi yomweyo mnyamatayu adali atayamba kukonda liwiro. Ankachita mipikisano ya njinga zamoto, ndipo mu 1909 ndi 1910 adapikisana nawo pachilumba cha Isle of Man. Maulendo onse awiri sadamalize mpikisano. Atatsiriza maphunziro mu 1910 adaona kuti kunjanji kukwezedwa n'kochedwa, ndipo adakalowa ntchito kukampani ya mataxi ya National Motor Cab Company ku London, komwe ankayang'anira kakonzedwe ka galimoto 250. Galimoto zoyenda tsiku ndi tsiku m'manja mwa madalaivala osiyanasiyana zidamuonetsa zida zimene zimayamba kutha ndi chifukwa chake.

Kachitsulo kotsinjirira mapepala

Mu 1912 iye ndi mkulu wake, H.M. Bentley, adatsegula bizinesi yogulitsa galimoto za ku France zotchedwa DFP. Pofuna kuti galimotozo zidziwike, W.O. adayamba kupikisana nazo, koma nthawi zonse akafuna kuwonjezera mphamvu ankakumana ndi vuto la mapisitoni. Masiku amenewo mapisitoni ankapangidwa ndi chitsulo cholemera. Akawapepuza, ankasweka, akawasiya olemera, injini inkakanika kuzungulira mwachangu.

Mu 1913 adapita kufakitale ya DFP ku France, ndipo patebulo la mmodzi wa eni kampaniyo adaona kapisitoni kachidole ka aluminiyamu kotsinjirira mapepala. Akatswiri ambiri a nthawiyo ankakhulupirira kuti aluminiyamu sangapirire moto wa mu injini. Bentley adaganiza zomusakaniza ndi mkuwa: magawo 88 a aluminiyamu, magawo 12 a mkuwa. Mapisitoni ake adatuluka opepuka, komanso ankataya kutentha msanga m'malo mokusunga. Atawaika mu DFP, galimotoyo idaswa mbiri ya liwiro pabwalo la Brooklands, ndipo chinsinsi chake adachisunga.

Injini zopulumutsa moyo

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itabuka mu 1914, Bentley adalowa nthambi ya ndege ya asilikali a pamadzi a Britain. Chinsinsi cha mapisitoni chija adachiulula kwa opanga injini za ndege, kuphatikizapo Rolls-Royce ndi Sunbeam. Kenaka adamutuma kuti akaone mavuto a injini ya ku France yotchedwa Clerget, imene inkapangidwanso ku London.

Injini imeneyi idali ya mtundu wozungulira yonse pamodzi ndi mapiko a kutsogolo kwa ndege. Mphepo inkaziziritsa mbali imodzi ya silinda kuposa inzake, silindayo n'kupindika, ndipo injini inkatha patangopita maola ochepa. Bentley ankapita kumisasa ya ndege ku France kukacheza ndi amakaniko ndi oulutsa ndege. Kumeneko adaona ndi maso ake kuti injini ikazima m'mwamba, mwana wa munthu sabwerera.

Ali kufakitale ya Humber ku Coventry adapanga injini ziwiri, BR1 ndi BR2, zokhala ndi masilinda a aluminiyamu ovekedwa chitsulo m'kati. BR1 idaikidwa mu ndege zankhondo za Sopwith Camel, pamene BR2 idalowa mu Sopwith Snipe, ndipo zonse zidatchuka ndi kudalirika. Nkhondo itatha boma lidamupatsa mendulo ya MBE komanso mphoto ya £8 000. Koma chimwemwe chidasakanikirana ndi misozi, poti mu 1919 mkazi wake woyamba, Léonie, adamwalira ndi chimfine choopsa chimene chidapha anthu mamiliyoni padziko lonse.

Lonjezo la zaka zisanu

Chaka chomwecho cha 1919 adakhazikitsa kampani ya Bentley Motors. Adatenga akatswiri anzake, Frank Burgess wochokera ku Humber ndi Harry Varley wochokera ku Vauxhall, ndipo injini yawo yoyamba idalira m'kanyumba kena pafupi ndi Baker Street. Fakitale adaimanga ku Cricklewood, kumpoto kwa London, ndipo wogula woyamba adalandira galimoto yake mu 1921.

Galimotoyo inkatchedwa 3 Litre, ndipo makaniko aliyense angaone nzeru zimene zidali mu injini yake. Idali ya masilinda anayi. Silinda iliyonse idali ndi mavalavu anayi ang'onoang'ono m'malo mwa awiri aakulu, chifukwa valavu yaing'ono imazizira msanga ndipo siivutitsa sipuling'i yake. Silinda iliyonse idalinso ndi mapulagi awiri, olandira moto kuchokera kumagineto awiri osiyana. Imodzi ikafa, galimoto inkapitirira ndi inzakeyo. Hedi ndi buloko adaziumba ngati chitsulo chimodzi, motero padalibe gasiketi yoti ipse. Injiniyi inkatulutsa mphamvu zake ikuzungulira pang'onopang'ono, ndipo galimoto inkafika makilomita pafupifupi 130 pa ola popanda kuikakamiza.

Kampani idali ndi chikhulupiriro chachikulu pa ntchito yake moti inkapatsa wogula chikalata cha chitsimikizo cha zaka zisanu, chinthu chosowa masiku amenewo. Patapita nthawi idatulutsa mtundu wina wa 3 Litre wofika mamailosi 100 pa ola, koma umenewu chitsimikizo chake chidali cha chaka chimodzi chokha. Bentley ankadziwa kuti liwiro lowonjezera limalipiridwa ndi moyo wa injini, ndipo sadafune kunamiza wogula.

Galimoto zake zidali zazikulu ndi zolemera, zooneka kuti wozipanga adachokera kunjanji. Ena ankazinyogodola kuti ndi malole othamanga, nthabwala imene ambiri amati idachokera kwa Ettore Bugatti, katswiri wopanga galimoto zing'onozing'ono zopepuka ku France.

Mpikisano umene adaukayikira

Mpikisano wa Le Mans udayamba mu May 1923. John Duff, amene ankagulitsa galimoto za Bentley ku London, adapempha thandizo kuti akapikisane nawo. Bentley adaona ngati ndi misala, poganiza kuti palibe galimoto ingapirire kuthamangitsidwa maola 24. Komabe adamubwereka dalaivala woyesa galimoto wa kampaniyo, Frank Clement, ndipo iye mwini adapita kukaonerera nthawi itatsala pang'ono.

Msewu udali wa miyala, wotalika makilomita 17 kuzungulira kamodzi, ndipo mvula idagwa. Galimoto ya Duff idalibe mabuleki akutsogolo. Mwala udaswa nyali imodzi, wina n'kuboola thanki ya petulo, galimoto n'kuima kutali. Clement adabwereka njinga yakapalasa, kunyamula zigubu za petulo n'kukafika pamene galimotoyo idaima. Atatseka bowo adapitiriza, ndipo adamaliza pa nambala 4. Injini sidadandaule mpang'ono pomwe.

Bentley adabwerako atasintha maganizo. Adaona kuti usiku ndi usana umodzi ku Le Mans umaulula zofooka zimene mwini galimoto akadazipeza patatha zaka. Mu 1924 adabwereranso ataika mabuleki kumawilo onse anayi, atatchinga nyali ndi thanki kuti miyala isazifike. Duff ndi Clement adapambana, atayenda makilomita oposa 2 000.

Zaka ziwiri zotsatira zidali zowawa. Mu 1925 lamulo linkati galimoto ziyende maulendo 20 oyamba denga lake lansalu lili lotambasula, ndipo zisathire petulo maulendowo asadakwane. Gulu la Bentley silidawerengere kuti dengalo limakoka mphepo ndi kudyetsa mafuta, choncho galimoto imodzi idaima petulo atatha. Inzake idagwira moto pakabuleta. Mu 1926 galimoto zonse zitatu zidalephera, ndipo yomaliza idalowa mumchenga kutangotsala mphindi zochepa kuti mpikisano uthe.

Bentley sadaimbe mlandu tsoka. Adakhwimitsa mwambo. Dalaivala aliyense ankapatsidwa malire a kazunguliridwe ka injini amene sankayenera kupyola. Amakaniko ankayeserera kusintha matayala, kuthira petulo, oyilo ndi madzi mobwerezabwereza mpaka aliyense atadziwa poima ndi chogwira. Lamulo lina lidali lakuti galimoto isathamange kuposa mmene kukufunikira kuti ipambane.

Ndalama za diamondi

Kupanga galimoto zoterezi kunkadya ndalama zambiri, ndipo kampani inkangokhalira ngongole. Mu 1926 idapulumutsidwa ndi Woolf Barnato, mwana wa Barney Barnato, amene adalemera ndi migodi ya diamondi ya ku Kimberley ndi ya golide ya ku Johannesburg, m'dziko la South Africa. Barnato adathiramo ndalama zake n'kukhala wapampando. Kuyambira pamenepo Bentley adasanduka wolembedwa ntchito m'kampani imene adaiyambitsa yekha.

Chodabwitsa n'chakuti mpondamatikiyu akakhala pachiwongolero ankamvera malangizo a Bentley kuposa wina aliyense, ndipo ankasamala galimoto. Adapikisana ku Le Mans katatu, ndipo katatu konseko adapambana. Iye ndi anzake, ambiri a iwo ana a anthu olemera okonda zisangalalo, ndiwo nyuzipepala zinkawatcha Bentley Boys.

Mu 1927 kudachitika ngozi imene imakumbukiridwa mpaka lero. Chakumadzulo, galimoto ina ya ku France idapingasa msewu pakhona yobisika yotchedwa White House. Galimoto ziwiri za Bentley zidawombana pamenepo n'kutheratu. Yachitatu, imene ankayendetsa mtolankhani Sammy Davis, idafika atachepetsako liwiro, koma nayo idagunda. Chesisi idapindika, ekiselo yakutsogolo idakhota, nyali imodzi idasweka. Davis adaibweza m'mbuyo, adamanga zogwedera ndi zingwe, kumangirira tochi, n'kupitiriza ulendo mosinthana ndi dokotala Dudley Benjafield. Galimoto ya Ariès, imene inkatsogola, idafa injini mpikisano uli pafupi kutha, ndipo Bentley yopundukayo idapambana. Pachikondwerero ku London adailowetsa m'chipinda chodyera cha hotela ya Savoy.

Mu 1928 Barnato ndi Bernard Rubin adapambana ndi galimoto yokulirapo ya 4½ Litre, atalimbana koopsa ndi Stutz ya ku America. Chesisi idang'aluka, madzi a mu rediyeta n'kumatayika, ndipo Barnato adayenda ulendo womaliza mwakachetechete, injini itatentha, mpaka kufika. Mu 1929 galimoto za Bentley zidatenga malo onse anayi oyambirira.

Mkangano wa supercharger

Pofika 1928 zidaonekeratu kuti opikisana nawo akuyandikira ndipo mphamvu zowonjezera zikufunika. Apa ndi pamene padabuka kusiyana maganizo. Mmodzi wa madalaivala, Sir Henry Birkin, amene ankadziwika kuti Tim, munthu wolimba mtima ndi wokonda liwiro, ankafuna kuika supercharger pa injini ya 4½ Litre. Chida chimenechi chimakankhira mpweya ndi petulo wochuluka m'masilinda, ndipo injini yomweyo imatulutsa mphamvu zambiri.

Bentley adakana. Malinga ndi iye, moto ukakula mu silinda, kutentha kumakula, ndipo mapisitoni, mavalavu ndi zitsulo zonyamula kiranki zimasenza katundu amene sizidapangidwire. Njira yake idali ya kunjanji: ukafuna mphamvu, kuza injini. Adali kale ndi galimoto ya masilinda asanu ndi imodzi ya 6½ Litre, ndipo kuchokera pa imeneyi adapanga yamipikisano yotchedwa Speed Six. Ndiyo idatsogola pa chipambano cha 1929, Barnato ndi Birkin yemweyo akusinthana pachiwongolero.

Koma mwini ndalama adali Barnato, ndipo adavomera pempho la Birkin. Katswiri wina, Amherst Villiers, adapanga supercharger imene idaikidwa kutsogolo kwa rediyeta, ndipo mayi wina wachuma, Dorothy Paget, adalipira gulu la Birkin. Kuti galimotoyi iloledwe ku Le Mans pankafunika kupanga zokwana 50 zogulitsa, ndipo fakitale ya Cricklewood idazipanga Bentley asakufuna. Anthu adaitcha Blower.

Mlandu udaweruzidwa mu June 1930. Ku Le Mans kudabwera Mercedes-Benz yaikulu ya ku Germany, nayonso ya supercharger, yoyendetsedwa ndi katswiri Rudolf Caracciola. Birkin adaithamangitsa ndi Blower yake mpaka kuipitirira pamsewu wowongoka wa Mulsanne, tayala lake lakumbuyo likusenda. Anthu adaimirira ndi kukuwa. Koma matayala a Blower ankatha msanga, ndipo Birkin ankangoimaima. Kenaka Barnato ndi Speed Six adayamba kuipanikiza Mercedes ija ola ndi ola, mpaka pakati pa usiku idatuluka mumpikisano batire itatha moto. Kutacha, Blower zonse ziwiri zidali zikadayenda, koma zitakwanitsa maola pafupifupi 20 injini zake zidasweka, ina pambuyo pa inzake.

Speed Six ziwiri zidafika pa nambala 1 ndi 2. Yotsogola, ya Barnato ndi Glen Kidston, idayenda makilomita oposa 2 900, ndipo idali galimoto yomweyo imene idapambana chaka chapitacho. Blower idachita bwino pamipikisano ina yaifupi, monga ku Pau m'dziko la France komwe Birkin adakhala wachiwiri chaka chomwecho, koma ku Le Mans sidapambanepo. Akuluakulu adanena kale kuti kuthamanga sikufika.

Kampani igwa

Injini zidapirira, koma kampani idalephera kupirira. Mu October 1929 msika wa masheya ku New York udagwa, ndipo mavuto a zachuma adafalikira padziko lonse. Chaka chotsatira Bentley adatulutsa galimoto yake yaikulu kuposa zonse, 8 Litre, yotha kufika mamailosi 100 pa ola mwakachetechete itanyamula anthu ndi katundu. Idali ntchito yapamwamba, koma idafika pamsika ogula atamanga matumba. Zidapangidwa 100 zokha.

Mu July 1931 Barnato adaleka kulipira ngongole, ndipo kampani idaikidwa m'manja mwa woyang'anira katundu wa olephera kubweza ngongole. Bentley adali ndi chiyembekezo kuti kampani ya Napier igula bizinesiyo ndipo iye apitiriza kupanga galimoto. Tsiku lomaliza kubwalo la milandu kudatulukira bungwe losadziwika limene lidapereka ndalama zoposa za Napier. Patapita masiku zidadziwika kuti bungwelo linkagulira Rolls-Royce, imene inkaona 8 Litre ngati chiopsezo pa malonda ake.

Rolls-Royce idatenga dzina, zida, ngakhalenso mgwirizano wa ntchito wa Bentley mwiniwake. Kupanga galimoto ku Cricklewood kudatha, zitatuluka pafupifupi 3 000 m'zaka khumi. Chaka chomwecho banja lake lachiwiri lidatha. Kwa zaka zotsatira, munthu amene adapanga injini zopambana ku Le Mans kasanu ankangopatsidwa ntchito yoyesa galimoto zopangidwa ndi ena, zolembedwa dzina lake pamphumi.

Ku Lagonda

Mgwirizano wake utatha mu 1935, adapita kukampani ya Lagonda ku Staines ngati mkulu wa zaumisiri. Apa n'kuti atakwatira Margaret, amene adakhala naye mpaka imfa. Ku Lagonda adatsogolera ntchito yopanga injini ya masilinda 12, ndipo mu 1939 galimoto ziwiri za injiniyi zidapita ku Le Mans.

Khalidwe lake lidali lomwe lija. Poti galimotozo zidali zatsopano, adalamula madalaivala kuti cholinga chikhale kumaliza, ndipo adawaikira liwiro longoposa pang'ono la amene adapambana mu 1938. Zonse ziwiri zidafika, pa nambala 3 ndi 4. Chikonzero chidali chodzapambana chaka chotsatira, koma mu September nkhondo yachiwiri ya dziko lonse idayamba.

Nkhondo ili kumapeto, iye ndi Willie Watson adakonza injini ina ya masilinda asanu ndi imodzi ya malita 2.6. Lagonda idafuna kulengeza galimoto yatsopanoyo ndi dzina la Bentley, koma Rolls-Royce idakasuma ndipo idapambana mlandu: mkuluyu adalibenso ufulu woika dzina lake pa galimoto. Posakhalitsa David Brown, mwini fakitale ya magiya ndi mathirakitala amene adali atangogula Aston Martin mu 1947, adagulanso Lagonda, makamaka pofuna injini imeneyi. Adaiika mu Aston Martin DB2, ndipo mu 1951 galimoto zisanu za DB2 zidalowa mpikisano wa Le Mans. Zonse zisanu zidamaliza, imodzi ili pa nambala 3.

Nzeru zake zidapitiriranso kudzera mwa ana ake a ntchito. Walter Hassan, amene adalowa ku Cricklewood ali mnyamata wa zaka 15, adadzakhala mmodzi wa opanga injini ya Jaguar XK, imene idapambana ku Le Mans kasanu pakati pa 1951 ndi 1957.

Masiku otsiriza

Bentley adapuma ntchito alibe chuma chodzitamira nacho. Iye ndi Margaret ankakhala m'nyumba yaing'ono m'mudzi wa Shamley Green ku Surrey, ndipo ankayendera kagalimoto wamba ka Morris Minor. Sadabereke mwana. Chimene chinkamusangalatsa ndi eni galimoto zake zakale, amene adapanga bungwe la Bentley Drivers Club mu 1936 ndipo pambuyo pake adamusankha kukhala kholo la bungwelo. Ankabwera kudzamuona ndi galimoto za zaka 40, zikulira ngati zatsopano. Mu 1958 adatulutsa buku la mbiri ya moyo wake.

Adamwalira pa 13 August 1971 ku Woking, ali ndi zaka 82.

Dzina la Bentley lidapitirira. Kuyambira mu 1998 kampaniyi ili m'manja mwa Volkswagen ya ku Germany, ndipo galimoto zake zimapangidwa ku Crewe. Mu 2003 idapambananso ku Le Mans, patatha zaka 73 chipambanire Speed Six. Anthu osunga galimoto zakale nawo ali ndi zokonda zawo: Blower, imene W.O. sankaifuna, ndiyo imodzi mwa zodula kwambiri, ndipo ya Birkin yampando umodzi idagulidwa pamtengo woposa £5 miliyoni mu 2012.

Koma umboni wa ntchito ya mkuluyu uli pamsewu. Galimoto zambiri za ku Cricklewood zikadalipo, zina zitapitirira zaka 100, ndipo eni ake sazisunga m'nyumba ngati zokongoletsa chabe. Amapikisana nazo, ndipo zina zayenda ulendo wa galimoto zakale wochokera ku Beijing mpaka ku Paris, kudutsa m'zipululu za Mongolia. Injini zimene adazipatsa chitsimikizo cha zaka zisanu zikugwirabe ntchito, wozipanga atagona zaka zoposa 50.